Singano ndi Lilime la Azakhali Anungu

Ku kalabu yathu ya masewero, munthu ukavulala sunkaopa singano za Azakhali Anungu. Singanozo zinali zopyapyala ngati tsitsi, ndipo zikamalowa unkangomva ngati nyerere ikukuyenda. Chimene tonse tinkaopa, kuyambira osewera mpira, ankhonya, othamanga, mpaka a Kochi amene, chinali chimene chinkabwera singano yomaliza ikangolowa. Mayi amenewa anali ndi khalidwe limodzi lodziwika ndi aliyense: sankadzudzula munthu ali chiimire. Ukakumana nawo panjira ankangoti "Wadzuka?" n'kudutsa. Koma akakugoneka chafufumimba n'kukudzala singano msana wonse, moti sungatembenuke, sungadzuke, sungathawe, ankasamba m'manja mwachifatse, n'kukoka kampando kawo kachitsulo kolira kwiii pasimenti, n'kukhala pafupi ndi khutu lako.

"Eya," ankatero. "Poti lero wapezeka, tiye tikambirane."

Dzina loti Anungu tinawapatsa ndife, ngakhale kunena zoona amene tinkaoneka ngati nungu tinali ifeyo. Loti azakhali linangobwera lokha, chifukwa ndi azakhali okha amene angakunene mpaka m'mafupa iwe n'kuwathokoza. Poyamba anali namwino wothandiza anthu ovulala kuti ayambenso kuyenda, kenako anapita kudziko lakutali la kum'mawa kukaphunzira kuchiza ululu wa minofu pobaya singano zopanda mankhwala. Luso limeneli lili ndi dzina lake lachizungu loluma lilime, koma ife tinkangoti kubaya. Setifiketi yawo inali pakhoma, yolembedwa m'zilembo zimene palibe mmodzi wa ife ankatha kuwerenga. Wina anawafunsa tsiku lina ngati siinali ya zophikaphika. Anamuyankha atamugoneka.

Chipinda chawo chinali pansi pa masitepe okhalapo owonerera, pakati pa mosungira mipira ndi mabafa. Munali mabedi awiri aatali okhala ndi bowo lolowetsapo nkhope, katani yobiriwira pakati pake, filiji ya ayisi imene inkabuula ngati nayonso yabinya, ndi kabokosi kachikasu kotayamo singano zogwiritsidwa kale ntchito. Fungo lake linali la sipiriti ndi mafuta otikitira minofu. Pakhoma panalinso chithunzi chachikulu cha mwamuna wadazi, wamadontho thupi lonse osonyeza malo obaya. Mwamunayo anabwera ali mbulanda, koma azakhali anamudulira kabudula wa pepala n'kumumata, ati m'chipinda chawo simulowa munthu wopanda ulemu.

Malire a ntchito yawo ankawadziwa. Ukabwera fupa litathyoka sankakukhudza n'komwe. "Singano si simenti, mwana wanga. Pita kuchipatala akakujambule, akakuike chikhakha. Ukachoka kumeneko ubwere, nkhani zako ndikusungira."

Ine nthawi imeneyo ndinali goloboyi wa timu ya mpira wamiyendo. Anzanga ankanditchula Sefa, pa zifukwa zimene sitikambirana pano. Ulendo wanga woyamba kwa azakhali ndinapita ndi phewa lotupa, dzanja losakwezeka. Anandigwiragwira, anandipinda mkono uku ndi uku, kenako anandigoneka. Nditangoyamba kumva thupi likumasuka, kampando kaja kanalira.

"Phewa ili unadumphira mpira kapena wojambula zithunzi?"

"Mpira, azakhali."

"Mpira unkapita kumanzere. Wojambula anali kumanja. Iwe unagwera kuti?"

Ndinayang'ana simenti kudzera pabowo lija.

"Chabwino, imeneyo tiisiye. Iwe umalowa pageti ulere, ndiwe wosewera. Ndiye pawindo la matikiti umakatani tsiku lililonse?"

"Ndimakangofunsa mtengo."

"Mtengo sunasinthe chiyambire chaka. Mtsikana wogulitsa matikitiyo ukumufuna, kapena ukungomutchingira mphepo? Ukachedwa, woyendetsa basi ya timu wayamba kumubweretsera malalanje."

Ndinafuna kudzuka nthawi yomweyo. Anandikanikiza mutu ndi chala chimodzi. "Gona. Malalanje sakwatira munthu lero lomwe."

Phewa linachira. Mtsikana wa matikitiyo ndi mayi wa ana anga, ndipo mpaka lero malalanje m'nyumba mwathu ndimagula ndine.

Koma amene anavutika kwambiri anali Chigayo, katswiri wathu wa nkhonya, chimunthu choti polowa pakhomo chinkachita kupendeka. Chigayo anali asanagwepo m'bwalo la nkhonya chibadwire. Anabwera ndi khosi louma, moti pofuna kuyang'ana kumbali ankatembenuka thupi lonse ngati kabati. Azakhali atangong'amba kapepala n'kutulutsa singano imodzi, Chigayo anaiyang'ana, maso anatembenuka, n'kugwera pabedi khu. Pamene ankatsitsimuka, azakhali anali atadikira kale kuti mtima wake ukhale m'malo, atamumwetsa madzi ndi supuni ngati khanda.

"Tiyambe kapena ukufuna kukomokanso kaye?"

"Yambani, azakhali, koma musandiuze."

Sanamuuze. Atamaliza anakoka kampando.

"Amayi ako unawaona liti?"

"Ndimawatumizira zinthu."

"Sindinafunse za zinthu. Akuti amakuonera pa wailesi yakanema ya aneba, akubisa nkhope m'manja, ndipo nkhonya zikatha amafunsa aneba ngati mano ako onse alipo. Basi yopita kwanu yasiya kuyenda?"

Chigayo anapirira nkhonya za anthu ambiri, koma zimenezi sanazithe. Anavumbuluka pabedi, ali ndi kabudula wamkati yekha, singano zili njenjenje pakhosi ndi pamapewa, n'kuthawira mukhonde. Mwatsoka, nthawi imeneyo atsikana a mpira wamanja ankachokera kokonzekera, timu yonse, akubwera cha komweko. Anaima. Nawonso atsikanawo anaima. Wina anayamba kuseka, ndipo enawo anatsatira mpaka kugwirana. Chigayo anabwerera yekha pang'onopang'ono, anatseka chitseko, n'kugonanso malo ake aja.

"Pitirizani, azakhali," anatero.

"Tinali pa basi," iwo anayankha.

Mbiri itafalikira, akazi athu anatulukira njira. Mkazi akatopa ndi mwamuna wake sankalimbana naye kunyumba. Ankangodutsira pansi pa masitepe, kupereka moni kwa azakhali, n'kumadikira kuti bamboyo abinye kakolo. Panali wosewera wina amene mkazi wake, atamuona akutsimphina pogwera m'basi, akuti anayamika Mulungu mokweza.

Ine ndi amene ndinapindula kwambiri ndi nkhani ya otchinga kumbuyo athu awiri. Anali pachilamu, wina anakwatira mlongo wa mnzake, ndipo anayambana pa nkhani ya wailesi yobwerekana imene inabwerera yosalankhula. Kuchokera pamenepo nawonso anasiya kulankhulana. Tsono otchinga kumbuyo akasiya kulankhulana, wolira ndi goloboyi. Mpira ukamabwera, uyu ankasiyira mlamu wake, mlamu wake n'kusiyira uyu, mpirawo n'kudutsa pakati pawo ngati mkwatibwi, kubwera kwa ine. Azakhali anadikira mpaka onse awiri atavulala sabata imodzi, wina ntchafu, wina msana. Anawaitana nthawi yofanana, aliyense osadziwa, n'kuwagoneka uku ndi uku kwa katani. Onse atadzalidwa, anakoka katani ija.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Yankhanani. Ine ndikukamwa tiyi, ndipo singano izi wozula ndine ndekha. Ndikabwera ndipeze mwagwirizana kuti wailesiyo akonzetsa ndani."

Atabwerera anawapeza akuseka, atagwirizana pa chinthu chimodzi: kuti zigoli zonse zija wolakwa anali Sefa.

Sikuti nthawi zonse ankalondola. Tinali ndi mapasa othamanga mtunda wautali, ofanana ngati madontho a madzi. Tsiku lina azakhali anagoneka mmodzi, n'kumusambitsa chokweza pa nkhani ya mowa, kujomba kokonzekera, ndi atsikana awiri amene ankawanamiza nthawi imodzi. Mnyamatayo ankati akatsegula pakamwa, iwo n'kumuti "Sindinamalize." Atazula singano, iye anadzuka misozi ili m'maso.

"Azakhali, ine ndine winayo."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye wamva zonse bwinobwino. Ukamuuze."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pali tsiku limene kutsina kwawo kunatsala pang'ono kuwadyera ntchito. Chaka chimenecho timu yathu inafika mu fainolo ya chikho, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Amene anatifikitsa kumeneko anali womwetsa zigoli wathu, Kamphepo, bambo wa mwana mmodzi, amene banja lake lonse linkadya za miyendo yake. M'masewero omaliza tisanafike mu fainolo, mnofu wa kuseri kwa ntchafu yake unachita ngati waduka. Kuchipatala anamuuza kuti apume miyezi. Azakhali anamugwira n'kunena zomwezo.

M'mawa wa fainolo a Kochi analowa m'chipinda muja ali wefuwefu. Ine ndinali pabedi linalo, kuseri kwa katani, akundimanga chala.

"Azakhali, mungomubaya kuti ululu uzizire. Asewere lero lokha, mawa apume chaka ngati akufuna."

"Ululu umenewo ndi mlonda, a Kochi. Mukufuna ndigoneke mlonda kuti akuba alowe?"

"Mukakana, amwa mapilitsi. Iye mwini wavomera."

"Angakane bwanji, poti kontirakiti yake ili m'manja mwanu?"

A Kochi anatembenuka kuti atuluke, koma msana unawagwira, monga unkachitira tsiku lililonse la masewero akuluakulu. Anaima chopindika, dzanja lili pachitseko.

"Gonani ndikuthandizeni," azakhali anatero ndi mawu okoma ngati uchi. "Simungakaime m'mbali mwa bwalo muli chonchi."

Munthu wamkulu ngati ameneyo, wodziwa bwino mbiri ya chipinda chimenecho, anagona. Ululu ulibe nzeru. Singano zitalowa, kampando sikanalire. M'malo mwake azakhali anatsegula chitseko n'kuitana mkazi wa Kamphepo, amene anali mukhonde ndi mwana wawo wongoyamba kumene kuyenda. Kamphepo analowa pambuyo pawo akukoka mwendo.

"A Kochi, awa ndi mayi a kunyumba kwa Kamphepo. Auzeni nokha kuti mwendo wa amuna awo ubwerako wamoyo madzulo ano. Mukawauza, ine ndikhala chete."

A Kochi, nkhope ili m'bowo, ankangoona mapazi: nsapato zoyera za azakhali, masilipasi a mayiyo, ndi bandeji ya Kamphepo. Anayamba kufotokoza za mbiri ya kalabu, za owonerera amene adikira zaka zambiri, za mwayi umene subwera kawiri. Ali mkati molankhula, mwana uja anakwawira pansi pa bedi, anakhala pasimenti, n'kuyang'ana m'mwamba. Anapeza nkhope ya munthu wamkulu itatuluka pabowo, masaya atafinyika, maso ali tuzu. Anaseka, anatambasula kadzanja, n'kuwagwira mphuno.

Mawu a a Kochi anathera pomwepo.

"Mayi," anatero kenako, mphuno ili m'manja mwa mwana, "sindingakuuzeni zimenezo. Kamphepo, lero ukhala panja."

Kamphepo analira, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati kunali kukhumudwa kapena kumasuka.

Fainoloyo tinaluza. Tinaluza bwino ndithu, moti sindifuna kutchula zigoli. Owonerera atamva kuti Kamphepo anakhala panja chifukwa cha mayi wa singano, anasonkhana pageti akutukwana. Komiti ya kalabu inakumana, ndipo a Tcheyamani analamula kuti chipinda chija chitsekedwe ndi loko. Azakhali anatenga setifiketi yawo ndi kampando kawo, n'kupita kwawo osatsutsa. Mwamuna wa kabudula wa pepala anatsala yekha mumdima.

Amene anayamba kumenyera kuti azakhali abwerere anali a Kochi. Anakaima pamaso pa komiti n'kunena kuti amene anasiya Kamphepo panja ndi iwowo, ndipo ngati pali wochotsedwa akhale iwo. Komiti inazengereza, mpaka a Tcheyamani eni ake anaterereka m'bafa kunyumba kwawo, chiuno n'kuuma gwa. Anayesa mapilitsi, anayesa botolo la madzi otentha, kenako tsiku lina galimoto yawo inaoneka itaima pakhomo pa azakhali. Zimene anauzidwa ali chigonere palibe akudziwa. Timangodziwa kuti sabata yotsatira loko anachoka, mabafa a osewera anayamba kutuluka madzi otentha, ndipo timu ya atsikana inalandira yunifolomu yatsopano imene inkapemphedwa kuyambira kalekale. Kamphepo anapuma miyezi yake, azakhali akumubaya ndi kumuyendetsa pang'onopang'ono, ndipo anasewera mpaka imvi zitayamba. Chikho chija sitinachipatepo. Ena mpaka lero amawasungira azakhali chakukhosi pa nkhani imeneyi, ndipo iwo ankadziwa.

Zaka zitapita, manja a azakhali anayamba kunjenjemera. Palibe anawauza kuti asiye. Tsiku lina anatenga singano, anaiyang'ana ikugwedezeka pakati pa zala zawo, n'kuiponya m'kabokosi kachikasu isanagwire ntchito.

"Dzuka, mwana wanga," anauza wothamanga amene anali pabedi. "Dzanja ili layamba kunama."

Anapuma ntchito, koma anthu sanasiye kupita kwawo. Tsiku lina ndinakawaona, ndipo ndinapeza Chigayo, ali ndi mimba tsopano ndi dazi, atagona chafufumimba pakhonde lawo, pamsana popanda singano ngakhale imodzi.

"Ukutani pamenepo, Chigayo?"

"Ndayambana ndi mwana wanga wamkulu," anayankha nkhope ili pansi. "Ndabwera kuti andinene."

"Ukanakhala pampando."

"Pampando sizilowa."

Azakhali anali pambali pake atafunda juzi ngakhale kunali dzuwa, ataonda, koma lilime lili lonse. Anandiloza ndi chibwano. "Iwe Sefa, dikira pamzere. Za iwenso ndamva."

Anamwalira m'mawa wina wamba, atakhala pampando wawo pakhonde lomwelo. Mng'ono wawo, amene ankakhala nawo, anaganiza kuti akuwodzera. Pamaliro pawo bokosi linanyamulidwa ndi amuna otsimphina okhaokha, wina bondo, wina chiuno, moti linkayenda mopendekera ngati bwato. Tikanawamva akudandaula m'katimo, palibe akanadabwa. Chigayo analira mokweza kuposa abale awo, ndipo amayi ake, okalamba kwambiri tsopano, ndi amene ankamupukuta misozi.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti Azakhali Anungu, pa zaka zonse zimene anagwira ntchito pabwalo lathu, sanawonerepo masewero ngakhale amodzi. Zonse zimene ankatinena nazo ankazimva kwa ife tomwe, aliyense akamaneneza mnzake ali pabedi. Tikawakakamiza kuti akwere masitepe adzaone ngakhale theka lokha, ankakana.

"Ana anga azigwa, ine ndiziwomba m'manja? Pitani, mundipeza."

Ankakhala m'chipinda chawo chitseko chili chotseka, akumvetsera phokoso la anthu pamwamba pa mutu wawo. Ankati khamu lili ndi kaliridwe kake munthu akagwa n'kudzuka, ndipo lili ndi kena munthu akagwa osadzuka: phokoso limangoduka ngati wina walitsekera m'botolo. Akamva kuduka kumeneko ankanyamuka. Pamene machira ankatsika masitepe, chitseko chinkakhala chili chotsegula kale, ayisi atakulungidwa m'thaulo, iwo ataima pakhomo manja ali m'chiuno, akufunsa kuti, "Ndani ameneyo?"

Pano m'chipindamo muli mnyamata wina wophunzira bwino, waulemu, wa manja opepuka. Singano amabaya bwino, mwina kuposa azakhali m'zaka zawo zomaliza, ndipo anthu amachira. Akakubaya amakufunsa ngati pakuwawa, n'kukusiya kuti upume. Tsiku la masewero amakhala pabenchi m'mbali mwa bwalo ndi chikwama chake, monga malamulo amafunira, kiyi wa chipinda ali m'thumba.

Ine tsopano ndimaphunzitsa magoloboyi. Loweruka lapitali wosewera wathu wina watsopano anagundana ndi mnzake m'mwamba n'kugwera bondo. Phokoso linaduka. Ndinagwira ngodya imodzi ya machira, Kamphepo, amene ndi kochi wathu tsopano, anagwira ina, ndipo tinatsika naye masitepe mofulumira, kukhota pa mosungira mipira monga miyendo yathu inazolowera. Tinapeza chitseko chotseka. Mnyamata wa singano anali akadali kubwalo, akutolera zinthu zake.

Tinaima mukhonde muja ndi machira m'manja, tikuyang'ana chitseko. Kamphepo sanandiyang'ane, inenso sindinamuyang'ane. Wovulalayo, amene sanawadziwe azakhali, anadzutsa mutu n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Bwanji mwangoti chete, akuluakulu? Bondo langa lafika poipa?"

"Ayi, mphwanga," Kamphepo anayankha. "Bondo lako lichira. Tikungodikira kiyi."